Lenti m'nyengo ya njala: ufa womwe wasalawo ukupita kwa ndani?

Chaka chilichonse Lachitatu la Phulusa likangofika mkangano uja umayambiranso ngati sunachitikepo. Anthu atuluka m'tchalitchi ndi kamtanda ka phulusa pachipumi, ena adzijambula nkuponya pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp, basi pansi pake anthu ayamba kutsutsana. Wina akuti Lenti ili pati m'Baibulo, wina akuti inu a Katolika mumasiya nyama nkukagula chambo ndiye kusala kwake kuli pati, winanso akuti pajatu Yesu anati posala kudya usadzionetse kwa anthu. Koma funso limene linandikhala pamtima ndinalimva mu minibasi yopita ku Ndirande. Bambo wina wachikulire amene anakhala mpando wakumbuyo anayang'ana mayi wina yemwe phulusa linali lidakali pachipumi nkufunsa mofatsa ndithu, sanali kunyoza ayi, amvekere "Amayi, kwathu kumudzi anthu akudya kamodzi pa tsiku kuyambira Januwale, ndiye iwowo Lenti yawo mwati inayamba liti?" Mayiwo sanayankhe, anangoyang'ana pawindo. Ine ndikufuna ndiyankhe pano, ndipo mbali yanga ndiinene poyambirira pomwe: Lenti tiisunge, kuno kwathu ikufunika kwambiri, koma kusala kwa munthu amene ali ndi chakudya m'nyumba kumakhala koona pokhapokha chimene wasalacho chatuluka pakhomo pake nkukafika m'mbale ya amene alibe. Ukasala nkusunga ndalamayo m'thumba mwako momwe, wangosunga ndalama basi, sunasale.

Tiyambe tamvana kaye kuti tikukamba chiyani. Lenti ndi masiku 40 okonzekera Pasaka, amayamba Lachitatu la Phulusa, ndipo ukawerenga pa kalendala mpaka Loweruka Loyera umapeza masiku 46 chifukwa masiku a Lamulungu sawerengedwa ngati osala. Phulusa lija limachokera ku kanjedza wa chaka chatha amene anthu ananyamula pa Lamulungu la Kanjedza, amamuotcha nkudalitsa phulusalo, ndipo pokupaka amakukumbutsa kuti ndiwe dothi ndipo kudothi komweko udzabwerera. Tsono popeza Pasaka imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, Lachitatu la Phulusa limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi chaka chilichonse. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti imeneyo ndi miyezi yanji. Nkhokwe zatha, chimanga cha m'munda chikadali chachiwisi, pamsika mtengo wakwera, anthu akuyenda ndi khasu paphewa kusaka ganyu wopalira kapena wobandira m'minda ya anzawo kuti apeze kaufa ka madzulo, ana akudya maungu ndi nkhwani kudikira kuti mondokwa akhwime. Ndiye bambo a mu minibasi aja sanalakwitse. Kuno Lenti imagwera pakati penipeni pa njala, chaka ndi chaka, ndipo palibe chaka chomwe idzagwere mu Juni nkhokwe zili zodzadza.

Pamenepa mpomwe pakuchokera kutsutsa koyamba, ndipo ndi kolemera kuposa kwina konse. Akunenawo akuti kuuza munthu amene wagona ndi njala kuti asale kudya ndi chipongwe, ndipo mpingo umene ukulalikira kusala mu Febuluwale ndiye kuti sukuwadziwa anthu ake. Ndikuvomereza kuti ngati pali wolalika amene amaimirira kutsogolo kwa anthu oti dzulo sanadye nkumawaopseza za kusala chakudya, ameneyo akulakwa kwambiri. Komatu tione bwino zomwe mpingo umapempha. Mu mpingo wa Katolika, chikhazikitsireni Papa Paul VI malamulo atsopano mu 1966, masiku okakamizidwa kusala kudya ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo ngakhale pa masiku amenewo munthu amaloledwa kudya chakudya chokwanira kamodzi ndi tizakudya tina tiwiri tochepa. Lamulolo limagwira kuyambira zaka 18 kulekezera 59, pomwe kusiya nyama Lachisanu kumayambira zaka 14. Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa samangidwa nalo, ndipo munthu amene amamwa mankhwala tsiku lililonse, kaya a shuga kaya ma ARV, asayerekeze kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha Lenti. Ndiye taonani, munthu wakumudzi amene akudya kamodzi pa tsiku wapyola kale zomwe lamulo likufuna. Lamuloli likulankhula ndi ife amene m'mawa timamwa tiyi wamkaka ndi buledi, masana chips ndi nkhuku kuntchito, madzulo nsima ya ufa woyera ndi ndiwo ziwiri. Funso la bambo aja silikuchotsa Lenti ayi, likungosonyeza kuti Lentiyo ikuloza ndani.

Ndinaziona ndekha ndili mwana kwa agogo anga aakazi ku Ntcheu. Iwo sanali olemera, nkhokwe yawo inali yaing'ono ndipo zaka zina imatha Febuluwale asanathe. Koma Lenti ikayamba, nthawi iliyonse akamatapa ufa wophikira nsima, asanathire mumphika ankatapako dzanja limodzi nkuthira m'kachitini kena komwe kankakhala pamwamba pa kabati, kachitini ka mkaka wa ufa kakale kochita dzimbiri pachivundikiro. Dzanja limodzi basi, masana ndi madzulo. Nsima yathu inkachepako pang'ono, ife ana tinkazindikira ndithu chifukwa mtanda womaliza womwe tinkalimbirana uja sunkakhalapo. Likafika Lachisanu, tikachoka ku Njira ya Mtanda, ankakhuthula ufawo m'kansalu nkundituma kwa agogo ena oyandikana nawo amene ankalera zidzukulu zitatu zamasiye. Ankandiuza kuti "ukaike kukhitchini, usakawapatse pamaso pa anthu, ndipo usakachedweko." Sindinawamvepo akunena kuti akusala kudya, mawu amenewo sankawagwiritsa ntchito nkomwe. Ndakula ndawerenga zambiri za Lenti koma palibe chomwe chinandifotokozera bwino kuposa kachitini kaja.

Ndipo zimene ankachita agogozo sizinali zawozawo. Akhristu oyambirira ankaphunzitsa chimodzimodzi. Buku lina lakale kwambiri lotchedwa Shepherd of Hermas, lolembedwa ku Roma m'zaka za m'ma 100, limalangiza kuti tsiku lomwe wasala uwerengere mtengo wa chakudya chomwe ukadadya, ndalamayo ukapatse mayi wamasiye, mwana wamasiye kapena wina wosowa. Koma kale kwambiri izi zisanalembedwe mneneri Yesaya anali atanena kale pa mutu 58. Kumeneko anthu akudandaula kwa Mulungu kuti ife tasala bwanji inu simukuona, ndipo yankho lake ndi lowawa: pa tsiku lomwe mukusalalo mukuchita zofuna zanu nkumapondereza antchito anu. Kenako akunena kusala komwe Mulungu amafuna, kumasula omangidwa popanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa m'nyumba osowa pokhala, kuveka amaliseche. Ndiye ndikamati chosalidwacho chikafike kwa wina sindikubweretsa chiphunzitso chatsopano, ndikungobwereza zomwe zinalipo kuyambira pachiyambi zomwe ife tazisiya nkutsala ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa.

Apa ndikhalepo pang'ono chifukwa nkhani ya antchito ija ikutikhudza ambiri a ife okhala m'tauni. Alipo makomo ambiri achikhristu, aku tchalitchi Lamulungu lililonse, ovala yunifomu ya bungwe la amayi kapena la abambo, komwe mtsikana wantchito amadzuka 4 koloko m'mawa, kukolopa, kuchapa, kusambitsa ana, kuphika, nkudzagona 10 koloko usiku, mwezi ukatha amauzidwa kuti dikira kaye ndalama sizinalowe, mwina mpaka miyezi iwiri. Mlonda wa pageti amagona panja mvula ya Febuluwale ikumuvumbwa alibe ndi jekete lomwe. Waganyu walima tsiku lonse akupatsidwa madeya m'malo mwa ndalama yomwe munagwirizana, chifukwa mukudziwa kuti ndi njala yake sangakane. Enanso nthawi yomweyi ndi yomwe amakongoza ndalama ya katapila kapena kugula mbewu ikadali m'munda pamtengo wolira, podziwa kuti mwiniwake wapanikizika. Munthu wotereyu atha kusiya nyama masiku onse 40, atha kusiya mowa, shuga, ngakhale Facebook, koma Yesaya anamuyankha kale. Lenti ya pakhomo lotere iyambire pa kulipira malipiro a mtsikana uja onse, pa tsiku lake, nkumupatsanso tsiku lopuma kuti nayenso akapemphere.

Kutsutsa kwachiwiri kumachokera kwa abale athu ena achikhristu, makamaka a mipingo ya Pentekosite ndi ina, amene amati Lenti mulibe m'Baibulo, ndi mwambo wa anthu, ndipo Paulo anauza Akolose kuti munthu asakuweruzeni pa nkhani ya zakudya kapena masiku. Izi nzoona mbali ina, mawu oti Lenti simuwapeza m'Baibulo ndipo palibe vesi yomwe imati salani masiku 40 Pasaka isanafike. Komanso nzoona kuti palibe amene adzapulumuke chifukwa chosiya nyama Lachisanu. Komabe zomwe zili mkati mwa Lenti zonse zili m'Baibulo. Yesu anasala masiku 40 m'chipululu asanayambe ntchito yake, Mose anakhala masiku 40 paphiri la Sinai, Eliya anayenda masiku 40 kupita ku Horebu. Pa Mateyu 6 Yesu akunena za kupereka kwa osauka, kupemphera ndi kusala kudya motsatizana, ndipo akunena ngati zinthu zomwe ophunzira ake azichita ndithu. Chomwe mpingo unachita ndi kungoika nthawi yoti tizichitire pamodzi, ndipo pofika msonkhano wa ku Nicaea mu 325 nyengo ya masiku 40 imeneyi inali ikutchulidwa kale. Masiku ano a Anglican amaisunga, a Lutheran amaisunga, ndi ena ambiri. Ndipo abale omwe amatsutsawo ambiri amayamba chaka ndi kusala kwa masiku 21 mu Januwale mpingo wonse pamodzi, zomwe ine ndimazilemekeza kwambiri, koma nalonso tsiku loyambira analiika ndi anthu. Zikusonyeza kuti tonse tikudziwa chinthu chimodzi, kuti chinthu chopanda tsiku lake sichichitika, munthu amangoti ndidzasala ndidzasala mpaka chaka chatha. Choncho funso lomwe ndikufunsa a Katolika anzanga ndikufunsanso iwo, kuti chakudya cha masiku 21 aja chinapita kuti.

Za phulusa pachipumi ndisachedwepo. Akuti Yesu anati ukamasala usambe kumaso, udzole mafuta, anthu asadziwe, ndiye kuyenda ndi phulusa tauni yonse ndi kudzionetsera. Ine ndimaona kuti phulusa silinena kuti ndine woyera, limanena kuti ndine wochimwa ndipo ndidzafa, ndipo pamzere wokalandira paja bwana wa kampani ndi wakabaza amapakidwa phulusa lomwelo ndi chala chomwecho. Koma chenjezo la Yesu lija likadalipobe, ndipo limagwira kwambiri pa chinthu china chomwe chafala masiku ano, kujambula anthu osauka pamene tikuwapatsa thandizo. Gogo wagwira thumba la ufa, ife taima pambali tikumwetulira, chithunzi chili pa intaneti madzulo omwewo gogoyo asanaphike ndi phala lomwe. Zimenezo ndiye zomwe Mateyu 6 akukana poyera, ndipo zimamuchotsera munthu ulemu pa nthawi yomwe ulemuwo ndi chokhacho chomwe watsala nacho.

Chachitatu ndi nkhani ya nsomba ija, ndipo apa otsutsawo akunena zoona kwambiri moti sindingawatsutse. Lamulo losiya nyama linakhazikika kumaiko komwe nyama inali chakudya cha madyerero. Kuno kwathu chambo chenicheni cha ku Mangochi ndi ndiwo ya anthu a ndalama, kawirikawiri chimadula kuposa nyama ya mbuzi ya pamsika, ndiye munthu akasiya kanyenya Lachisanu nkukakhala mu lesitilanti kuitanitsa chambo chootcha, lamulo walisunga koma sanamve kalikonse m'thupi ngakhale m'thumba, mwina wawononga zambiri kuposa masiku ena. Mbali inayi banja lomwe limadya bonya ndi chisoso chaka chonse nkuona nyama pa Khirisimasi pokha, kuliuza kuti lisiye nyama Lachisanu palibe chomwe mwaliuza. Tsono yankho lake sikutaya kusalako, yankho ndi kuwerengera moona mtima ngati mmene ankachitira akale aja. Lachisanu idyani nyemba kapena masamba otendera, ndalama ya nyama ija muiike padera tsiku lomwelo isanasakanikirane ndi ina. Amene mwasiya mowa werengani mabotolo omwe mukadamwa Loweruka. Amene mwasiya kubetcha mpira, amene mwachepetsa bandulo ya foni, chimodzimodzi. Pofika Loweruka Loyera ndalama imeneyo yakwana thumba la chimanga, kapena fizi ya mwana wa mchemwali wanu yemwe wakhala pakhomo teremu yonse, kapena mankhwala a munthu wa mu mphakati mwanu amene mukumudziwa ndi dzina.

Ena amati zonsezi nzachabe chifukwa Pasaka ikangodutsa anthu amabwerera ku zakale, amene anasiya mowa amakaledzera Lolemba la Pasaka lomwelo. Zimachitikadi, ndaziona. Koma sindikuona chifukwa chake kugwa kwa pambuyo kuchotse phindu la masiku omwe munthu anaima. Taganizani mayi amene mwamuna wake kwa masabata 6 wakhala akubwera kunyumba dzuwa likadalipo, ndalama ya ndiwo ili m'thumba, osamenya munthu, ana akudya naye limodzi. Kwa mayi ameneyo masabata 6 amenewo si achabe, ndipo bamboyo waona ndi maso ake kuti angathe, zomwe mwina sanazidziwepo chiyambire. Alipo amene anasiyira pomwepo. Alipo amene anagwa nkudzayesanso chaka chotsatira. Munda timalimanso chaka chilichonse ngakhale tikudziwa kuti udzu udzameranso. Komanso Lenti si chakudya ndi mowa zokha, ndi nthawi yokhala pansi kudzifunsa, kupita ku kulapa, kukagogoda pakhomo pa m'bale yemwe munasiyana naye mawu pamaliro chifukwa cha malire a munda, zaka zitatu osalankhulana. Kwa ambiri a ife chimenecho nchovuta kuposa kugona ndi njala tsiku limodzi.

Kutsutsa komaliza kumachokera mkati mwa mpingo momwe. Alipo amene amati Lenti ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake, yamumtima, ndiye musailowetse m'nkhani za malipiro, mitengo ya chimanga ndi zina zadziko. Ndimawamvetsa, chifukwa popanda pemphero zonsezi zimangosanduka ntchito ya bungwe lothandiza anthu. Koma ife Amalawi tili ndi mbiri yomwe imatiletsa kunena kuti Lenti imathera mumtima. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, yomwe inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, ndi anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, pa nthawi yomwe kunena zimenezo kunali kuika khosi pampeni. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma anthu anali atamva kale, ndipo pa 14 Juni 1993 anavotera zipani zambiri pa referendamu. Kalata imeneyo inali ya Lenti, inatuluka m'nyengo yodzifunsa yomweyi, kungoti kudzifunsako kunali kwa dziko lonse. Ndiye amene akuti Lenti isakhudze za malipiro a mlonda akutsutsana ndi Yesaya komanso ndi mbiri ya mpingo wawo womwe.

Ndipo chaka cha 2023 chinatiphunzitsanso mwa njira yowawa. Lenti inayamba pa 22 Febuluwale, pasanathe masabata atatu namondwe Freddy anagwa m'chigawo cha kummwera, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche usiku nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Nsanje midzi inakokoloka, anthu mazanamazana anamwalira ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Opulumuka anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi. Masabata amenewo palibe amene ankakangana za chambo kapena za vesi ya Lenti, anthu a mipingo yonse ndi Asilamu ankatulutsa zovala, mabulangete, ndowa ndi ufa m'nyumba zawo. Tinaonetsa kuti timatha. Vuto ndi loti timadikira phiri ligumuke kaye, pamene njala ya Febuluwale imabwera mwakachetechete chaka chilichonse popanda kamera. Pa ichi abale athu Achisilamu ali ndi chotiphunzitsa, pakutha pa Ramadan asanapite ku mapemphero a Eid amapereka chakudya kwa osauka ngati lamulo, kusala ndi kugawa zinamangidwa pamodzi. Mu 2025 Ramadan ndi Lenti zinayamba motsatizana kumayambiriro kwa Malichi, ndipo ndinkaganiza kuti dziko lomwe anthu ochuluka chonchi akusala nthawi imodzi silimayenera kukhala ndi mwana wogona ndi njala pafupi ndi tchalitchi kapena mzikiti.

Bambo a mu minibasi aja anatsikira pamsika ndipo sindinawaonenso, mayi aja anatsika patsogolo pang'ono akupukuta phulusa ndi nsonga ya chitenje. Madzulo ake kunyumba ndinatenga botolo lapulasitiki lomwe munali mafuta ophikira, ndinalidula kukamwa, kulitsuka nkuliumitsa, ndipo lili pamwamba pa kabati. Ana anga akudziwa kuti asanavundule nsima atape ufa dzanja limodzi nkuthira m'botolomo, ndipo wamng'onoyo ndi amene amakumbutsa ena akaiwala. Mtsikana amene amatithandiza ntchito ndinamulipira za mwezi uno tsiku lisanakwane, ndipo Lachisanu masana akumapita ku Njira ya Mtanda limodzi nafe. Ufa wa sabata yoyamba tinakasiya kukhitchini kwa mayi ena a mu mphakati mwathu amene amuna awo ali gone m'chipatala kuyambira Khirisimasi.